Galimoto ya apongozi inkabereka oilo

Munthu akandifunsa kuti kuchokera ku Livingstone kukafika ku Lusaka ndi maola angati, ndimayamba ndamufunsa kuti pa galimoto ya ndani. Pa basi, ngakhale zaka zimenezo msewu unali zigamba zokhazokha, unkanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lisanalowe. Pa galimoto ya apongozi anga zinali zina.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene mafakitale a m'tauni mwathu ankatsekedwa mmodzimmodzi ndipo anthu a ku njanji ankauzidwa kuti akapume. Ine ndinali dalaivala pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi, kunyamula azungu kupita nawo kumathithi ndi kubwera nawo. Ndinabadwira ku Dambwa, m'tauni momwemo, koma makolo anga anachokera ku Katete, ndipo anandilera ndi lamulo limodzi lolimba: mpongozi sayang'anidwa m'maso, sadyera naye pamodzi, ndipo akanena kuti kumwamba n'kobiriwira, iwe umati inde, kwabiriwiradi. Mkazi wanga Mutinta ndi mwana wa Ba Muleya a ku dera la Nottie Broadie, amene anagwira ntchito ku njanji zaka makumi atatu. Kwa iwonso ulemu wa pachipongozi sunali wa masewera.

Ba Muleya atalandira penshoni yawo anamva kuti mzungu wina amene ankabwerera kwawo akugulitsa galimoto. Inali yakuda, yaitali, ya ku Ulaya, mipando yachikopa, magalasi otsika ndi kabatani, magiya osintha okha. Popeza m'banjamo ine ndiye ndinali "wodziwa magalimoto", anatuma uthenga kuti ndikaione asanagule. Kudziwa kwanga kunali kwa dalaivala, kusintha tayala ndi kupukuta mapulagi, koma ngakhale wakhungu akanaona zimene ndinaona. Nditailiza, kumbuyo kunatuluka kautsi kabuluu. Nditalowetsa chala m'paipi ya utsi, chinatuluka chakuda chonata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma Ba Muleya anali ataima pomwepo, atavala tayi, anzawo awiri a ku njanji ali pambali, dzanja lawo likusisita denga la galimoto.

"Ba Phiri," anatero, "imwe muziba mamotoka. Mukuiona bwanji?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. "Ili che bwino, Bataata."

Mawu amenewo ndi amene anagula galimotoyo. Apongozi aakazi ankafuna kuti ndalamazo amangire zipinda za lendi kuseri kwa nyumba, koma atamva kuti mkamwini wodziwa wavomereza, anatseka pakamwa. Kwa miyezi isanu galimoto inkangoyenda ulendo wa kutchalitchi ndi kubwerera, ndipo ine ndinkapemphera kuti izingotero mpaka Yesu adzabwere. Kenako kunabwera ukwati wa mlamu wanga Luyando, chitsirizira wa m'banjamo, wokachitikira ku Lusaka Loweruka. Ba Muleya analengeza kwa abale onse kuti mkwatibwi adzakwera galimoto ya bambo ake, ndipo woyendetsa ndi ine.

Ndinasowa tulo. Galimotoyo ikanafera panjira, banja lonse likanakumbuka yemwe ananena kuti ili bwino, ndipo ndikanakhala mkamwini amene anataya thukuta la apongozi ake la zaka makumi atatu. Choncho ndinagula zitini za oilo zisanu ndi chimodzi, ndinazikulunga m'thumba n'kuzibisa pansi pa mpando wanga. Ndinauza Mutinta yekha.

"Tikaima, uzibatenga batate bako na bamai bako uyende nabo patali pang'ono," ndinamuuza. "Koma osabauza."

Anandiyang'ana mwachilendo, ngati akufuna kunena kanthu, kenako anangoti, ponditchula ndi dzina la mwana wathu, "Chabwino, batate bake Dali."

Tinanyamuka Lachisanu kukucha. Ba Muleya anakhala kutsogolo ndi ine, atavala suti, chikwama chawo cha ku ofesi chili pakati pa miyendo. Apongozi aakazi anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni kuti tisaonane, ndipo ine ndinapotoza galasi loonera kumbuyo kuti lisawaloze. Mutinta anakhala pambali pawo atafukata keke ya ukwati yosanjikiza katatu. Mawu onse a pakati pa ine ndi amayiwo ankadutsira mwa iye, ngakhale tinali motalikirana ndi mkono umodzi.

"Mutinta, uza bamuna bako achepeseko sipidi."

"Ati muchepeseko sipidi."

"Bauze namvela."

"Ati bamvela."

Msewu wa kuchokera ku Livingstone kukafika ku Zimba masiku amenewo sunali wosankha pabwino, unkangosankha dzenje limene ukulikonda. Galimotoyo inapangidwira misewu ya kwawo, mimba yake inali pafupi ndi nthaka, ndipo paliponse inkakhula pansi, Ba Muleya ankatsinzina ngati okhulidwawo ndi iwo eni. Mabasi ankatipitirira m'mbali mwa msewu, fumbi koboo. Ine maso anga anali pa kagalasi ka pambali, kuyang'ana kautsi kabuluu kamene kankatitsatira mokhulupirika.

"Mzungu ananiuza," anatero Ba Muleya mokweza, ngakhale panalibe wafunsa, "kuti iyi motoka siikumwa oilo. Olo pang'ono."

"Inde, Bataata."

Pa Zimba Mutinta anachita monga tinapangana. Anati pali nthochi zabwino kuseri kwa masitolo, ndipo anatenga makolo ake onse awiri. Ndinatsegula boneti n'kusolola kachitsulo koyezera oilo. Kachitsuloko kali ndi timizere tiwiri, ka pansi ndi ka pamwamba, ndipo oilo ayenera kukhala pakati pake. Tsikulo anangonyowetsa kunsonga kokha. Ulendo unali usanafike n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo asanu! Ndinathira zitini zitatu, ndinayezanso, anafika ndendende pa kamzere ka pamwamba. Pamene ankabwera ndi nthochi zawo, anandipeza ndikupukuta galasi ndikuimba mluzu.

Titatsala pang'ono kufika ku Kalomo, dzenje lina linatimaliza tayala lakumbuyo. Jeke ya galimotoyo inali ya mtundu umene ndinali ndisanauonepo, ndipo ndinatha theka la ola ndikufunafuna poilowetsa, Ba Muleya ali chilili pamwamba panga akuwerenga kabuku ka malangizo kolembedwa m'chilankhulo chimene tonse sitinkachimva. Tayala lapadera linali ndi mpweya wongokwana kutikwawitsa mpaka m'tauni. Kumeneko ndinagubuduza lophulikalo kupita nalo kwa mkulu wina womata matayala kuseri kwa msika.

Magetsi anali atazima, choncho makina opopera sankagwira. Mkuluyo sanali wothamanga. Anayamba wamaliza tiyi wake, anamata chubu, anachiyanika padzuwa, kenako anatulutsa pampu ya njinga yaikulu n'kundipatsa kuti tizilandirana. Tinapopa, tinapuma, tinapopanso. Anandiuza za ng'ombe zake zimene zinafa ndi matenda, za mwana wake amene anapita ku Botswana osalemba kalata, ndi za mtengo wa ufa. Ndinakhala pamenepo pafupifupi maola awiri, malaya anga a ulendo atanyowa mpaka kumsana.

Nditabwerera ndinapeza Mutinta ndi mayi ake akuchokera kumsika ndi mbatata, Ba Muleya ali okha pa galimoto akupukuta manja ndi mpango. Ndinati ndikufuna kuona madzi, ndipo nditabisala kuseri kwa boneti ndinasolola kachitsulo kaja kuti ndidziwe kuti oilo watsika bwanji.

Sanatsike. Anali atapitirira kamzere ka pamwamba ndi chala chathunthu.

Ndinapukuta, ndinalowetsa, ndinasololanso. Chimodzimodzi. Ndinaima pamenepo kukamwa yasa. Galimoto imene inamwa zitini zitatu pofika pa Zimba, tsopano inali itayenda mtunda wina wonsewo n'kuwonjezera oilo yokha. Ndinaganiza kuti mwina petulo akudonthera m'kati, ndinanunkhiza, fungo linali la oilo. Ndinaganiza za madzi, ndinafikisa pazala, anali oilo woyera bwino ngati wotuluka m'chitini. Pomaliza ndinadziuza kuti malo amene tinaimapo ndi opendekeka, ngakhale maso anga ankaona kuti ndi osalala ngati bwalo la mpira.

"Manzi yali bwino, Ba Phiri?"

"Yali bwino, Bataata."

Ku Choma tinafika dzuwa lili paliwombo. Tikuthira petulo ndinayezanso mwakabisira, ndipo ndinapeza kuti oilo watsikako, akuyandikira kamzere kake. Mtima unakhala pansi. Ndinati basi, galimoto yabwerera ku khalidwe lake la kumwa, lomwe ndinkalidziwa ndiponso ndinali nalo mankhwala. Ba Muleya anati akukapereka moni kwa anzawo akale ku siteshoni ya sitima. Ine, posafuna kudya pamaso pa apongozi, ndinapita kukafuna chakudya kumsika, ndipo ndinasiya amayi awiriwo m'galimoto pomwetsera mafuta pomwepo, akudya nkhuku imene ananyamula.

Pobwerera, bambo wothira mafuta uja anandimwetulira ngati tadziwana kalekale.

"Bwana, manje iyi izafika olo ku Nakonde," anatero, kutchula tauni ya kumalire akutali kumpoto, akumenya boneti ndi chikhatho.

Ndinaganiza kuti akunena za petulo, ndipo ndinamuthokoza. Mutinta anali akuyang'anitsitsa keke.

Mavuto enieni anayamba titadutsa Batoka. Kautsi kabuluu kaja kanakula n'kukhala chiutsi choyera chokhuthala. Basi ina inatipitirira, kondakitala atatulutsa theka la thupi pakhomo, akuloza kumbuyo kwathu ndi kukuwa zimene sitinamve. Ba Muleya anamukwezera dzanja mwaulemu ngati wapereka moni. Fungo la oilo wopserera linayamba kulowa m'kati. Ndinakanikiza mabatani a magalasi, ndipo linatsika limodzi lokha, la kumbali ya Mutinta, lomwe linatsika mpaka pansi n'kukana kukweranso. Fumbi lonse la Chigawo cha Kummwera linayamba kutera pa keke, Mutinta akuiphimba ndi chitenje.

"Mutinta, funsa bamuna bako ngati ni so vamene imanunkha masiku yonse."

"Ati ni so vamene imanunkha?"

"Bauze ni kupya che kwa zuba."

"Ati ni zuba, Baama."

"Hm," anatero apongozi aakazi. Mawu amenewo sanafunike womasulira.

Chapafupi ndi Pemba, kanyali kofiira ka oilo kanayamba kuphethira kutsogolo kwanga. Kanyali kameneko kamatanthauza chinthu chimodzi, kuti injini yasowa oilo. Ndinasuntha dzanja pa chiwongolero kuti ndikaphimbe. M'ngodya ya diso ndinaona Ba Muleya akukayang'ana, kenako anatembenukira kuwindo n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tinayenda choncho mpaka ku Monze, ine nditaphimba, iwo akuimba.

Ku Monze ndinapempha kuti tiime injini ipumeko. Mutinta, osauzidwa, anakumbukira kuti makolo ake ayenera kuwongola miyendo. Ndinasolola kachitsulo kaja, ndipo zimene ndinaona zinandizunguza mutu. Oilo anali atakwera mpaka pakati pa kachitsulo konse, kutali ndi timizere tonse tiwiri, ndipo anali ndi thovu ngati thobwa lowira. Kanyali kankati oilo mulibe. Kachitsulo kankati oilo wasefukira. Zonse ziwiri zinali za galimoto imodzi, zopangidwa ndi azungu amodzimodzi.

Pansi pa mtengo wina panali makaniko, munthu wonenepa wovala ovolosi yopanda mabatani. Ndinamuitana monong'ona n'kumufotokozera zonse: kuti ndinathira zitini zitatu pa Zimba, ndipo kuchokera pamenepo oilo akungochuluka yekha. Anayeza, anakanda m'mutu, anayezanso.

"Mwafaka che vitatu?"

"Vitatu che."

"Mudala, ine nasebenza pa mamotoka zaka twente. Motoka yakumwa oilo naiona. Yotaya oilo naiona. Koma yobala oilo, iyi ndiye yoyamba. Nigulitseni, nizalemela."

Ndinamuuza kuti si nthawi ya nthabwala. Anati mwina gasiketi yapsa, mwina kanyali ndi kabodza, mwina kachitsulo si ka galimoto imeneyi, ndipo mwina, anatsitsa mawu, pali wachibale amene sakufuna ukwatiwo. Chimene akanachita, anati, n'kuikweza pamiyala, kukhetsa oilo yense n'kuyamba mwatsopano, ntchito ya maola awiri. Anali malangizo abwino. Koma kuti tikhetse oilo pankafunika kuti ndiime pamaso pa Ba Muleya n'kutchula mawu akuti oilo, ndipo pambuyo pa mawu amenewo pakanabwera mafunso ena onse. Ndinawaona akubwera chapatali, akuyenda mowongoka ndi chikwama chawo.

Mutu utasokonezeka munthu amachita zodabwitsa. Ndinaganiza kuti pa mboni ziwirizo, kachitsulo kanandinamizapo kale ku Kalomo, pamene kanyali kanali kasanandinamizepo. Ndinatsegula chitini chachinayi n'kukhuthulira momwemo mofulumira. Makaniko uja anagwira pakamwa.

"Pali problemu, Ba Phiri?" anafunsa Ba Muleya atafika.

Mpata unali umenewo. Ndinauona, ndinaudziwa, ndipo ndinausiya udutse. "Iyayi, Bataata. Ni manzi che."

Kuchokera ku Monze galimoto inayamba kutsokomola. Ukaponda mafuta inkaganiza kaye, kenako n'kudumpha. Ine ndinkawerengera m'mutu, kuchotsera ndi kuphatikiza zitini, ndipo yankho silinkatuluka. Ndinafika poganizira mozama za wachibale uja wosafuna ukwati, mpaka ndinapeza mayina awiri.

Ku Mazabuka Ba Muleya anati ali ndi ludzu, ndipo zakumwa zozizira bwino zimapezeka pa sitolo imodzi yokha, ya kutsidya kwa njanji. Panali masitolo atatu pamphuno pathu, koma mpongozi akatuma sufunsa. Ndinapita wapansi. Pobwera ndinakumana ndi Mutinta ndi mayi ake akuchokera kukaona nsalu zimene sanagule, ndipo Ba Muleya anali atakhala kale pampando wawo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ndinafuna kuyezanso, koma anagogoda wotchi yawo. Abale ankatidikira ku Lusaka kuti akambirane za mwambo wa mawa.

Amene anayendapo msewu umenewo akudziwa mapiri a Munali, pamene msewu umakwera mokhotakhota usanatsikire ku Kafue. Tinayamba kukwera cha m'ma folo koloko. Pa chitunda choyamba utsi unachuluka mpaka lole imene inali kumbuyo kwathu inayatsa nyali masanasana. Pa chachiwiri kanyali kofiira kanasiya kuphethira, kanangoyaka. Kenako m'injini munayamba kugogoda, poyamba pang'onopang'ono ngati mlendo waulemu, kenako ngati munthu wokhoma misomali. Ndinapatukira kumbali, koma ndisanazimitse panamveka phokoso limodzi lalikulu, galimoto inagwedezeka, ndipo kunangoti zii.

Tinatuluka tonse. Ndinaika miyala kumatayala, ndinathyola nthambi n'kuzindandalika mumsewu kuti obwera adziwe. Pansi pa galimoto oilo ankatuluka ngati mpopi, n'kumatsetsereka pa tala kulowera kumene tinachokera. Anali wochuluka kwambiri moti sindinkamvetsa kuti ankakwana bwanji m'menemo. Tinaima anayi kumuyang'ana akupita.

"Ba Phiri," anatero Ba Muleya pomaliza, mawu ali pansi, "oilo inasila?"

Aka kanali koyamba kuti mawuwo atchulidwe mwachilungamo pakati pathu. Ndinalibenso pobisala.

"Siinasile, Bataata. Inapaka maningi. Siniziba mwamene vachitikila. Ine ninafaka vitini vitatu pa Zimba na chimozi pa Monze, koma..."

"Imwe munafaka?"

Ndinatulutsa thumba lija pansi pa mpando n'kuliika pansi. Ndinkayembekezera mkuntho. M'malo mwake Ba Muleya anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawerama, anatenga chikwama chawo cha ku ofesi, chija chosasiyana nawo, n'kuchitsegula pa boneti. Munalibe pepala ngakhale limodzi. Munali zitini za oilo zopanda kanthu ndi kampeni kotsegulira.

"Vinai pa Kalomo," anatero. "Vibili pa Mazabuka, pamene ninaona laiti. Sininapime. Nenze kuopa muzanipeza."

Ndisanameze zimenezo, kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola.

"Mutinta," anatero apongozi aakazi, akuyang'ana phiri, "uza batate bako na bamuna bako kuti mu basiketi yanga muli chigubu."

Mutinta sanauze aliyense. Anangopita kubuti n'kubwera ndi chigubu cha malita asanu, chopepuka. Oilo yense wa m'chigubumo analowa m'injini ku Choma, ndi manja a bambo womwetulira uja. Amayiwo anafotokoza, akulankhulabe ndi mwana wawo ngati ife kulibe, kuti kwa miyezi isanu ankaona amuna awo akudzuka m'mamawa Lamlungu lililonse kukathira oilo mobisa, ndi kukwirira zitini kuseri kwa chimbudzi. Anadziwa kuti galimotoyo ndi chidakwa. Sanafune kuti mwamuna wawo achite manyazi pamaso pa mkamwini, choncho anati aimwetse kamodzi kokwanira mpaka ku Lusaka.

Pamenepo tonse atatu tinatembenukira kwa Mutinta. Ndi iye anachotsa makolo ake pa Zimba ndi pa Monze. Ndi iye anachotsa mayi ake pa Kalomo ndi pa Mazabuka. Ndi iye anaitana wothira mafuta ku Choma.

"Manje muniyangana chani?" anatero, misozi ili m'maso. "Aliyense ananiuza ati osauza munzake! Imwe ati osauza Bataata. Bataata ati osauza bamuna bako. Baama ati osauza bonse babili. Nenze kuchita bwanji? Ine nenze kuona monga oilo ni saladi, ikapaka ndiye ndiyo ikoma!"

Ankanena mafuta ophikira, amene akachuluka ndiwo zimakoma. Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa. Apongozi aakazi anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Tinali titaipha galimotoyo tonse, aliyense ndi chikondi chake. Inali yodwala kale, inde, koma ikanatha kukwawa mpaka ku ukwati tikanakhala kuti mmodzi yekha ndiye ankathira. Oilo atachuluka, zitsulo za m'kati zinamupuntha n'kukhala thovu, ndipo thovu silifewetsa injini. Kanyali ndi kachitsulo, zonse zinkanena zoona.

Tinadikira pamenepo kupitirira ola. Magalimoto ankachepetsa liwiro, anthu n'kusuzumira kuona banja lovala bwino litaima pambali pa galimoto yapamwamba chotero, kenako n'kupitirira. Dalaivala wa lole ina anaima, anagwada, anasuzumira pansi, n'kutionetsa bowo m'mbali mwa injini loti nkhonya n'kulowa. Anapukusa mutu, anati pepani, anapita. Ba Muleya anakhala pa mwala, suti yawo itachita fumbi.

Kenako kunabwera basi yochokera ku Mazabuka, yodzaza kale. Kondakitala ataona suti ndi keke anatchula mtengo wa anthu olemera, ndipo apongozi aakazi anamutsitsa ndi Chitonga chachangu mpaka anapepesa. Koma galimoto sikanasiyidwa yokha pamapiri amenewo, m'mawa tikanapeza mafupa okhaokha. Wina anayenera kutsala mpaka papezeke choikoka. Panalibe chokambirana. Bambo wa mkwatibwi sangasowe pa ukwati, ndipo ine ndinali kale ndi manyazi okwanira kundikhazika pansi sabata yathunthu.

Amayi awiriwo akukweza keke ndi katundu, Ba Muleya anadzuka pa mwala paja n'kubwera pamene ndinaima. Ndinayang'ana pansi monga mwa nthawi zonse.

"Ba Phiri, niyanganeni."

Ndinakweza maso. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabanja ndi mwana wawo, ndinali ndisanaonepo nkhope yawo pafupi chotero. Anali okalamba kuposa mmene ndinkaganizira.

"Siku ija kwa muzungu. Munaona chusi?"

"Ninaona, Bataata."

"Na chala chanu chinafipa. Ninakuonani mukupukuta ku buluku."

"Inde, Bataata. Nenze kuopa kumuchitisani nsoni pamenso pa banzanu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri.

"Naine ninaona chusi," anatero. "Sindine mwana. Koma nenze nakamba kudala ku kilabu, ku chechi, kulikonse, kuti nigula motoka ya muzungu. Ine neka siningabwelele kumbuyo. Ndiye chifukwa ninatuma kuti mubwele. Munakakamba che kuti iyayi, nenze kuyenda kunyumba na ndalama zanga, nauza bonse kuti mukamwini wanga wakana, ndiye aziba mamotoka. Nenze kufuna muntu wonitsina kutu, Ba Phiri. Ninaitana imwe."

Basi inaliza hutala. Ba Muleya anatulutsa makiyi m'thumba la jekete, anandigwira dzanja, anawaika m'chikhatho changa n'kupinda zala zanga pamwamba pake. Kenako anakung'untha fumbi pa suti, anatenga chikwama chawo chopanda kanthu, n'kupita kukakwera. Ndinawaona pawindo ataimirira pakati pa anthu ndi matumba, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha kudenga, popeza mipando inali itatha.

Basi inanyamuka, ine n'kutsala ndi galimoto, makiyi ali m'manja. Ba Muleya anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi m'nyumba yomweyo ya ku Nottie Broadie, akudalira tindalama timene ana ankatumiza, ndipo nthawi yonseyo sanandikumbutse za tsikulo ngakhale kamodzi. Ine mawu oti ndikanawayankha ndinawafunafuna mpaka tinawaika m'manda, osawapeza.